Ulendo wokatenga amayi ku Nkhotakota

Lachisanu, ku Salima

Ndanyamuka, anzanga. Sukulu titatsekera ndimati ndiyambe ndapuma, koma achimwene a ku Johannesburg akhala akuimba usiku ndi usiku kuti nkhani ya amayi isadutse Ogasiti uno. Nkhani yake ndi iyi. Amayi akula, mawondo akuwavuta, BP imakwerakwera, ndipo pakhomo akukhala ndi kamdzukulu kamodzi ka Sitandade 6, mwana wa malemu achemwali. Ana otsalafe tinamvana pa foni kuti abwere azikhala kwa ine ku Area 25. Tinamvana tonse kupatula eni ake, omwe mpaka lero sanafunsidwe. Wotumidwa ndine, poti mwana wamkazi wotsala ndine ndekha.

Ndatenga mwana wanga wa Folomu 2 uja. Amakana, ati kumudzi kulibe netiweki komanso anzake akonza zampira holide yonse. Ndinangomuuza kuti alongedze.

Tisanatuluke n'komwe mu depoti foni inali itadzaza maoda. Uyu mpunga wa kilombero, uyu usipa wofutsa, alamu anga ufa wa kondowole, ndiye pali wina mwa inu wati chambo chouma, "koma chachikuluchikulu". Amene watumiza ndalama pa Mpamba ndi mmodzi yekha. Enanu ndikukudziwani, mudzati "ndikupatsa mwezi ukatha", koma mwezi wake simuutchula.

Msewu wa Salima ndimaukonda. Ndi makilomita pafupifupi 100 okha, koma nyengo imasinthira m'njira momwemo. Pa Chezi tinaima, anthu n'kumagula tomato ndi anyezi pa windo, tonse tili m'majuzi chifukwa cha chisanu cha ku Dowa. Titadutsa Mvera n'kuyamba kutsetsereka mapiri aja, makutu anatseka, majuzi anayamba kuvulidwa, milambe n'kuyamba kuonekera apo ndi apo. Pa Kamuzu Road tinatsika thukuta lili kamukamu, akabaza atatizungulira kale. Kuno malo ndi athyathyathya, ndiye njinga zakapalasa sizinagonje kwa zamoto monga zachitikira kwathu ku Lilongwe. Mayi wamkulu ndithu, chitenje chake bwinobwino, dengu pamiyendo, amakhala cham'mbali pa kaliyala n'kumapita osagwira paliponse.

Tagona kwa mnzanga amene tinali limodzi ku koleji ya aphunzitsi. Iye tsopano ndi wa ku Salima weniweni, sachedwa kunyadira. Ati ali ndi fakitale ya shuga, ali ndi malo a magetsi a dzuwa ku Nanjoka omwe anatsegulidwa mu 2021 ndipo amatulutsa mamegawati 60, ndiye ife a ku likulu tisamadzimve. Madzulo anatitengera ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Mwera unali utakwiya, mafunde akumenya ndithu. Anatilozera mmene madzi anafikira mu 2024, chaka chimene nyanja inadzaza n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo. Mwana wanga anavula nsapato, n'kuponda madzi, n'kubwerera msanga. Ati ndi ozizira.

Pa chakudya bambo a pakhomopo, omwe kwawo ndi ku Chikombe, anatichezetsa ndi nkhani ya chilumba cha Mbenje. Kumeneko usodzi umayendera malamulo a mfumu yaikulu Makanjira kuyambira kale, m'zaka za m'ma 1950. Disembala akafika asodzi onse amachoka, ndipo amabwererako mu Epulo pakachitika mwambo wotsegulira. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, ndipo munthu wamkazi saloledwa kupondako. Pamenepo ine ndi mnzanga tinayamba kuwapanikiza kuti akazi tinalakwanji, pamene nsombazo zikafika kumtunda ofutsa, oyanika ndi ogulitsa ndife. Anangoseka n'kunena kuti iwo anazipeza choncho. Za akazizo sanandikhutiritse, koma zotseka nyanja miyezi inayi kuti nsomba ziswane, anthu n'kumveradi, ndazilemekeza.

Loweruka, kumudzi

Tafika. Ndikulemba nditakhala pa chulu cha kuseri kwa nyumba, poti ndi pokhapo pamene netiweki imagwira.

Kuchoka ku Salima tinakwera Sienta, ya anthu 7 koma tinalongedwamo 11, kuphatikiza bambo wina amene anagawana mpando ndi dalaivala. Msewu wa M5 ndi wopapatiza ndipo malo ena m'mbali munadyeka, moti mukakumana ndi thiraki yochokera ku Dwangwa wina amayenera kutsikira kufumbi, ndipo wotsikayo sakhala wa thiraki. Tinadutsa Khombedza, kenaka Chikwawa ya kuno, ya minda ya nzimbe, osati ya kuchigwa cha Shire ija. Pa Benga anatsika awiri n'kukwera atatu. Pa Mkaika ndinasiya kuwerenga.

Pa mlatho wa Chia ndiye panaima mtima wanga. Apa ndi pamene thamanda lalikulu la Chia limalumikizana ndi nyanja, ndipo galimoto ikangoima anyamata ndi amayi amathamangira ndi nsomba zotunga pa luzi, chambo, kampango, milamba, zina zikuphiriphitha. Ndinagula chambo cha ndiwo za madzulo. Dalaivala anachimangirira pa galasi la kunja kuti chiziwombedwa mphepo, ndipo mwana wanga anachijambula n'kutumizira anzake. Kwa iye zinali zachilendo. Ine ndinakula ndikudziwa kuti galimoto yochokera kunyanja imazindikirika ndi nsomba pa galasi.

Amayi tinawapeza pa mkeka pakhonde akusenda chinangwa. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Maso anali pa mdzukulu.

"Amuna anga afika! Mwandibweretsera chiyani? Kapena mwakwatira wina kutauniko, n'chifukwa chake simubwera?"

Mnyamata wa Folomu 2, ndevu zikuyamba kumera, anasowa poyang'ana. Anagwada n'kupereka moni ndi manja awiri, ndipo pamenepo ndinapuma, poti m'njira monse ndimamukumbutsa.

Awonda pang'ono, ndipo podzuka amayamba agwira chipupa. Koma pakhomo ndi posesa, mbuzi zili m'khola, matumba a mpunga wa chaka chino aunjikidwa kuchipinda, chinangwa china chili m'migolo chikuviikidwa, china chayanikidwa pa thandala. Kwa inu obadwira ku Blantyre amene mumati kondowole amanunkha: fungo lija limachokera pa kuviika. Chinangwa chowawa sungachidye chomwecho, chimaledzeretsa ngakhale kupha kumene. Amachisenda, n'kuchiviika masiku angapo mpaka chifewe ndi kutaya kuwawa, n'kuchiyanika, kenaka n'kusinja kapena kupita nacho kuchigayo. Chikauma bwino padzuwa ufa wake umayera ndipo fungo limachepa. Chimene chimanunkha kwambiri ndi choyanikidwa nthawi ya mitambo.

Madzulo tinadya kondowole, chambo chija ndi chigwada chotendera. Mwana anatema mbamu yaikulu mmene amachitira ndi nsima ya mgaiwa, ndipo inamumata m'zala ngati ulimbo. Agogo ake anaseka mpaka kutsokomola, kenaka n'kumuphunzitsa: nyowetsa zala, tema pang'ono, viika mu msuzi, usatafune kwambiri. Anamaliza mtanda umodzi. N'chiyambi.

Nkhani ija sindinaiyambe. Siyoyamba ine ndekha amalume palibe, ndipo iwo ati abwera Lolemba. Koma amayi anaona chikwama chachikulu chopanda kanthu chimene ndabwera nacho.

"Nanga ichi n'cha chiyani, Nabanda?"

"N'cha mpunga, amayi. Anzanga andituma."

"Ehe," anatero, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Lamulungu, pa boma

Lero tinapita kutchalitchi pa boma, ku All Saints ya Anglican, kumene amayi amati Lamulungu lalikulu sangaphonye. Anakwera kabaza wawo wa nthawi zonse, mnyamata wa m'mudzi momwemo amene amawatcha agogo ndipo amawatsitsa pakhomo penipeni pa tchalitchi. Titatuluka ndinayesa kuwerenga anthu amene anabwera kudzawapatsa moni, ndinalephera. Wina amafunsa za maliro a Lachinayi lapitalo, wina za ndalama za banki m'khonde, poti bokosi limagona kwa iwo, mtsikana wina woyembekezera anawakokera pambali n'kunong'onezana nawo nthawi yaitali. Ine ndinangoima ndi chikwama chawo m'manja. Ena amandifunsa kuti, "Inu ndi mwana wa Anaphiri uja wa ku Lilongwe?"

Mwana wanga amaphunzira mbiri yakale kusukulu, ndiye ndinati aone ndi maso zimene amaloweza. M'tchalitchi momwemo muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi mphepo, atangodzozedwa kumene ubishopu. Sitima yakale ija yotchedwa Chauncy Maples dzina inatengera kwa iyeyu. Chapafupi pali mkuyu waukulu umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe mu 1863. Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo Nkhotakota inasanduka doko lalikulu la minyanga ndi akapolo. Anthu ankagwidwa kumtunda, n'kusungidwa kuno, n'kuwolotsedwa pa zombo kupita tsidya lija, kenaka ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere.

Mwana anati, "Ndiye pamtengo pano ndi pamene ukapolo unathera?" Umu ndi mmene ambiri amaifotokozera, ndipo ine sindigwirizana nazo. Livingstone analankhula, Jumbe anamva, koma malonda anapitirira zaka zina pafupifupi 30. Anadzatha m'zaka za m'ma 1890, boma la Angelezi litakhazikika n'kuchotsa Jumbe womaliza. Mtengowo ndi wofunika kuuona, koma tisamaupatse ntchito imene sunagwire.

Chimene ndimaganizira ndikafika pamenepa n'chakuti ife a ku Nkhotakota ndife zidzukulu za mbali zonse. Ogwidwa, ogwira, opalasa zombo, olima chakudya cha apaulendo, onse anasiya ana kuno. Banja lathu lomwe lino, amayi ndi a Anglican, azakhali a bambo anga anali Asilamu a ku Linga, ndipo pa Eid tinkadya kwawo, pa Khirisimasi iwo ankadya kwathu. Akuluakulu amati ngakhale ulimi wa mpunga unakula kuno ndi Aswahili omwewo. Ndiye amene mwandituma kilombero, dziwani kuti mbale yanu ili ndi mbiri yaitali.

Pali mtengo winanso umene anthu amalozera alendo, wokumbukira msonkhano wa Malawi Congress Party wa 1960, pamene Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Pamenepo mwana anali atatopa, akufunsa za tchipisi. Tinakadya pa chiwaya pafupi ndi msika, amayi n'kukana, ati mafuta adokotala analetsa, kenaka n'kumatola m'mbale ya mdzukulu.

Lolemba

Lero linali tsiku lake. Ndatopa kuposa tsiku la Sienta lija.

Amalume anafika m'mawa pa njinga yawo, atavala jekete ngakhale kunja kumatentha. Ndiwo mwini mbumba, mlongo wawo wa amayi, wamng'ono kwa iwo koma pa nkhani zotere mawu oyamba ndi omaliza amakhala awo. Tinayala mkeka pansi pa mtengo wa mango. Foni tinaipatsa mwana wanga kuti aime nayo pa chulu, achimwene ali pa WhatsApp, mawu atakwezedwa mpaka kumapeto. Ndiye tangoganizani bwalo lake: akulu pamkeka, mnyamata pachulu dzanja lili m'mwamba, mawu a ku Johannesburg akubwera moduladula, mbuzi zikulira.

Ndinafotokoza mwaulemu mmene tinapanganirana. Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula. Kenaka anati:

"Nabanda, ndikufunse. M'mawa iwe wapita kukaphunzitsa. Amuna angawa apita kusukulu. Bambo awo apita kuntchito. Ine ndatsala ndi ndani? Ndi geti?"

Ndinati pali mtsikana wantchito, pali TV.

"Kuno tambala akangolira kachiwiri, anthu ayamba kale kudutsa pakhomo pano kupita kunyanja, ndipo aliyense amati, Anaphiri mwadzuka? Tsiku limene sindidzayankha, dzuwa lisanafike apo adzakhala atathyola chitseko. Kwanu kuja ndinakhalako mwezi wathunthu uja unabadwa mwanayu. Woyandikana naye nyumba sindinamuone nkhope."

Achimwene analowererapo kuchokera pachulu. "Amayi, ife nkhawa yathu ndi chipatala. Mukadwala usiku..." Mawu anaduka. Mwana anatembenuka, n'kukweza dzanja kwambiri. "...pafupi ndi madokotala."

"Achimwene ako auze kuti pa boma pali chipatala cha boma, palinso cha mishoni cha St Anne's. Kabaza amandifikitsa phala lisanazizire. Kuchoka ku Area 25 kukafika ku Central ndi maminibasi angati?"

Sindinayankhe, poti yankho ndimalidziwa.

Kenaka anafika pa nkhani ya dimba, imene ndikuona kuti ndiyo inali pansi pa zonse. Dimba la mpunga lija anawasiyira mayi awo, iwonso analandira kwa mayi awo. Kwathu kuno malo amayenda motero, kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo malo a madzi abwino otere akusowa chaka ndi chaka poti anthu achuluka. "Ndikachoka chaka chimodzi, chachiwiri mudzapeza wina wawokeramo mpunga, ati amangosamalira. Chachitatu ndi mlandu kwa amfumu. Mlandu umenewo adzayendere ndani, iwe wa ku Lilongwe kapena uyo wa pafoniyo? Dimbalo si langa. Ndi lako, ndi la kamtsikana aka mayi ake anatisiya."

Apa ndinaona kuti ndikangokhala chete ndibwerera chimanjamanja, ndipo nanenso ndinali ndi mfundo yanga. Ndinakumbutsa za mu Febuluwale, usiku wa mvula, pamene anaterereka popita kuchimbudzi n'kugona pamatope mpaka kamtsikana kanadzuka kukaitana anthu. Ife tinamva patapita sabata, ndiponso kwa munthu wapadera. Ndinati, "Amayi, tsiku limenelo oti Anaphiri mwadzuka anali kuti? Mwana wa zaka 12 ndi woti azinyamula munthu wamkulu usiku?" Mawu anandithera pakhosi. Amayi anayang'ana pansi n'kumakonza mkeka pamene panalibe chokonza.

Amalume anakhala nthawi osalankhula. Atayamba, anayamba ndi ife.

"Ana inu mwachita bwino kuganizira mayi anu. Ena kutauniko amangotumiza shuga pa Khirisimasi basi. Koma ndikufunseni, mukufuna kuchiza mawondo a mayi anu, kapena mukufuna kuchiza mitima yanu kuti muzigona tulo?" Kenaka anatembenukira kwa alongo awo. "Nanunso achemwali, kugwa munagwadi, ndipo munabisa. Kubisa kumeneko ndi kumene kwabweretsa chikwama chija. Musamayese anawa ndi opusa."

Ndiye kuti za chikwama anali atauzidwa kale.

Anati nkhani igone, tidzakumanenso Lachitatu, aliyense abwere ndi chimene angachite, osati chimene akufuna wina achite. Achimwene anafuna kuwonjezera koma bandulo inatha. Mwana anatsika pachulu akudandaula phewa.

Usiku amayi sanadye kwambiri. Nanenso.

Lachiwiri

M'mawa ndinawaperekeza kukayezetsa BP ndi kukatenga mankhwala. Buku lawo lakuchipatala ndinaliwerenga tsamba ndi tsamba tili pamzere: sanaphonyepo mwezi. Namwino anawauza zochepetsa mchere, iwo n'kuvomera mwaulemu kwambiri, ulemu umene ndimaudziwa tanthauzo lake.

Pobwerera anati tidzere ku Mawira, ku akasupe a madzi otentha aja, makilomita ochepa kuchoka pa boma. Madzi amatuluka pansi ali otentha okha, nthunzi ili tolotolo m'mawa kukazizira, ndipo anthu amasamba ndi kuchapa chakumunsi kumene afundako. Amayi amakhulupirira kuti amathandiza mawondo. Kaya amachizadi kaya ndi kufunda chabe, ine ndinaona munthu ataviika miyendo, nkhope itamasuka, akucheza ndi amayi anzawo za mtengo wa feteleza. Pamenepo, osandiyang'ana, anati, "Chimbudzi chija chilidi kutali." Sindinawonjezere kanthu, kuopa kuwononga.

Mwana sanapite nafe. Msuweni wake, mwana wa amalume, anamutenga pa njinga yamoto kukaona mtsinje wa Bua ndi kumalire a nkhalango ya Nkhotakota. Wabwera akulankhula osapuma. Nkhalangoyo ndi yaikulu masikweya kilomita 1,800, ndipo kuyambira 2015 akuiyendetsa ndi a African Parks mogwirizana ndi boma. Njovu zinali zitatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba, ndiye mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, pa mathiraki. Iye njovu sanaione ngakhale imodzi, anangoona ndowe ndi waya wa magetsi, koma ndowezo wazijambula mbali zonse. Msuweni wake amamuuza kuti kwa anthu olima m'mphepete mwa nkhalango wayayo ndiye nkhani yaikulu, chifukwa njovu ikalowa m'munda wa chinangwa usiku umodzi, banja lagona ndi njala chaka chonse. Anamuuzanso za mpasa, nsomba imene imachoka m'nyanja n'kukwera Bua kukaswana. Tsopano akuti akufuna adzaidye asanabwerere.

Za netiweki sanatchulepo lero.

Lachitatu

M'mamawa ndinatsikira kugombe kukasaka usipa wa maoda anu. Pepani, nkhani si yabwino. Mwera wakhala ukuwomba sabata yonse, ndipo ukatere asodzi ambiri sapita. Usipa amaupha usiku: bwato la siginala limatsogola ndi nyali kuti nsomba zisonkhane pa kuwala, ena n'kuzungulira ndi chilimira. Mafunde akakula zimenezi sizitheka, ndipo amene amakakamira ndi amene timamva kuti sanabwerere. Ndiye mathandala ambiri ali mbee, ndipo wochepa umene ulipo amalonda a ku Lilongwe ndi ku Kasungu akulimbirana, mtengo n'kukwera. Ndagula wofutsa pang'ono, mugawana. Wa chambo chachikuluchikulu uja, chimene ndapeza n'chapakatikati, ndipo ukachiona usafunse kuti chinacho chili kuti.

Mpunga ndiye musadandaule. Ndagula kwa amayi, kilombero weniweni wa m'dimba lija, wosasakaniza ndi faya monga amachitira ena pamsika. Ndati ndagula. Ndinayesa kunena kuti ndine mwana wawo, anati mwana wawo adya ulere pakhomo pano, koma anzake a mwana wawo si ana awo. Anayeza okha ndi ndowa, n'kuwerenga ndalama kawiri, n'kumanga pa chitenje. Atatha anathira mbale ziwiri zapamwamba, ati imeneyo ndi basera ya amuna awo. Takapunthitsa kuchigayo masana, ndipo chikwama chija chadzaza mpunga monga ndinanenera.

Amalume anafika dzuwa litapendeka. Ulendo uno zinayenda msanga, poti aliyense anali atagona nayo nkhani. Amayi sasamuka. Mwana wamkazi wa amalume, amene ukwati unatha ndipo ali pakhomo pa makolo ndi mwana wake, azigona kuno, ndipo alima gawo lina la dimba kuti naye apezepo kanthu. Chimbudzi chatsopano chikumbidwa pafupi ndi nyumba mvula isanayambe, cha simenti, chokhala ndi chogwirira. Chimenecho ndi changa. Achimwene agula sola ya mababu atatu, lina la panja, ndi foni ina yoti izikhala ndi kamtsikana. Amayi nawo alonjeza pamaso pa alongo awo kuti akadwala kapena kugwa, tsiku lomwelo timve. Avomeranso kubwera ku Lilongwe mu Okutobala kudzapimitsa maso, asanayambe zofesa mpunga.

"Kudzacheza," anatero akundiloza ndi chala. "Ulembe pafoni pakopo kuti kudzacheza."

Ndalemba, amayi.

Kunena zoona mtima wanga sunakhazikike kwenikweni. Msuweni wangayo ndi munthu wabwino, koma ndi wachitsikana, mawa akhoza kupeza banja n'kupita. Mawondo nawo sabwerera m'mbuyo. Nkhaniyi tidzaikhaliranso pansi, kaya chaka chamawa kaya china. Koma nditaona bokosi la banki m'khonde, mtsikana woyembekezera uja, ndi mmene amawerengera ndalama za mpunga, sindikanatha kuwakweza Sienta kuti azikakhala pa sofa kudikira ine ndiweruke.

Lachinayi, m'njira

Ndili pa Kamuzu Road kudikira minibasi ya ku Lilongwe idzaze, ndipo ndili ndekha. Mwana watsala. Wanena yekha usiku kuti akufuna athandize kukumba dzenje ndi kuumba njerwa, komanso msuweni wake wamulonjeza mpasa. Agogo ake anati amuna awo asankha bwino, mkazi wa kutauni adikire. Abwera ndi amalume sukulu ikamatsegulira. Bambo ake nditawaimbira anangofunsa kuti, "Mwana uti? Wathu yemweyu?"

Achimwene sanasangalale. Ati ndinapita kukatenga munthu, ndabwera ndi mpunga, ndasiyanso mwana. Ndawatumizira mndandanda wa mitengo ya sola kuchokera m'sitolo ina pa boma, ndi nambala ya mmisiri woti akaike. Awerenga, poti timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu, koma sanayankhe. Ndiwaimbira Loweruka akaweruka. Simenti ndiyenera kutumiza mwezi uno usanathe, chifukwa mmisiri wa chimbudzi wati Seputembala akalowa ali ndi ntchito ina ku Dwangwa.